Namantha ndi Mpeni Womaliza wa Puleni

Inu amene mwadzuka lero mukudziona ngati palibe chomwe mungathe, khalani pansi pang'ono mumve za mayi wina amene anthu ankamutcha Namantha.

Dzinali silinachokere kwa makolo ake. Analitola kusukulu, chifukwa chitseko chikangomenyeka ndi mphepo, iye ankayamba kukuwa kalasi yonse isanadziwe chomwe chachitika. Mayeso omaliza a sekondale analemba kawiri. Kawiri konse manja ananjenjemera mpaka cholembera kumagwa pansi, ndipo kawiri konse dzina lake silinatuluke. Kenako anakwatiwa, nabereka mwana wamkazi. Bambo wa mwanayo anati akukasaka ntchito kutali. Foni yake inayamba ndi kusayankhidwa, inamaliza ndi kusapezeka.

Tsiku lomwe nkhani ino ikuyambira, Namantha anali atangochotsedwa ntchito yachitatu, ya m'malo odyera. Wophika anagwetsa chivundikiro cha poto kukhitchini, ndipo Namantha, amene anali atanyamula thireyi yodzaza makapu, anaiponya m'mwamba ngati waponda moto.

"Mayi, ndinu munthu wabwino," anatero mwini malowo, "koma makapu anga atsala anayi."

Anabwerera kwa achemwali ake, amene ankamusunga m'kachipinda kakuseri. Achemwaliwo sanakalipe. Anangomupatsira mwana wake, napumira m'mwamba.

"Mng'ono wanga, iwe ntchito yomwe umaidziwa ndi kuopa basi. Nanga alipo amene amalemba munthu ntchito ya kuopa?"

Namantha anabereka mwanayo natuluka, osadziwa komwe akupita. Misozi inali chuchuchu. Mwanayo ankamutcha Kanyerere, chifukwa ankakwawa paliponse ndipo chilichonse chomwe wapeza pansi ankachinyamula kupita nacho kukamwa.

Atayenda kanthawi anafika pa shedi ina ya ukalipentala. Pakhomo pake, mumchenga, panali misomali yopindika mbwee, pomwe pamadutsa ana opita kusukulu. Namantha anayesa kungodutsa. Miyendo inakana. Anawerama, misozi ikadali m'masaya, nayamba kutola umodziumodzi.

"Mukuba misomali yanga, mayi?"

Anadumpha mpaka mwana kumbuyo anadzidzimuka. Pakhomo panaima bambo wachikulire, magalasi omanga ndi ulusi, pensulo ili kukhutu. Anali mwini shediyo. Aliyense ankangowatcha a Mmisiri.

"Pepani bambo, sindikuba. Kungoti pamadutsa ana pano." Anawapatsira misomali yodzaza dzanja.

A Mmisiri anayang'ana misomaliyo, anayang'ana mchengawo, kenako anayang'ana mayi wolira uja.

"Mumatha kusesa?"

"Ndimatha."

"Mubwere mawa."

Mmenemo ndi mmene Namantha analowera m'shedi, ndi tsache m'manja.

Mkatimo munali mabenchi atatu ogwirirapo ntchito. Loyamba linali la a Mmisiri. Lachiwiri linali la kalipentala wina wamtali wotchedwa Chiphokoso, munthu woti ngakhale popereka moni ankalankhula ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa msewu. Lachitatu linalibe mwini. Ankangounjikapo zitini za penti.

Ndiye munalinso chilombo.

Dzina lake lenileni ndi puleni ya magetsi. Ndi kamakina kogwira m'manja, kokulirapo pang'ono kuposa simbi yositira zovala. Pansi pake pali mipeni iwiri yomwe imazungulira mothamanga kwambiri moti maso saiona. Ukakayendetsa pathabwa lokhakhala, kamasenga pamwamba n'kusiya posalala. Koma kulira kwake! Tsiku loyamba lomwe Chiphokoso anaiyatsa, Namantha anapezeka ali panja, tsache lili m'manja, osakumbukira kuti wadutsa pakhomo liti.

"Asisi, bwererani!" anakuwa Chiphokoso akuseka. "Lero yadya kale, siluma!"

Anabwerera. Mawa lake anathawanso, koma anangofika pakhomo. Sabata itatha ankangobisala kuseri kwa mulu wa matabwa. Ali kuseriko, maso ankasuzumira. Munthu wamantha amayang'anitsitsa chomwe akuchiopa, ndipo Namantha anayamba kuona zinthu zomwe eni ake sankadziwa kuti amachita.

Anaona kuti a Mmisiri amaiyatsa puleniyo isanakhudze thabwa, n'kudikira kuti mawu ake akwere mpaka akhazikike. Anaona kuti chingwe cha magetsi amachikoloweka paphewa kuti chisapite kutsogolo kwa mipeni. Akamaliza, ankaigwira m'mwamba mpaka itakhala chete, kenako n'kuitsamiritsa pakathabwa kuti mipeni isakhudze benchi. Chiphokoso yekha ankaiika pansi ikadalira, n'kumaimba nyimbo.

Nthawi yoweruka, makina akazima, achemwali ake ankabwera kudzamusiyira Kanyerere popita kuntchito kwawo. Apa m'pamene mtima wa Namantha unkakhala m'mwamba. Tsache limasesa utuchi, koma timisomali ting'onoting'ono timabisala m'ming'alu ya simenti. Kanyerere ankatipeza tonse.

Tsiku lina wailesi ya Chiphokoso inagwa pabenchi n'kufa. Mwini wake anaichitira maliro a phokoso, kenako anaitaya pakona. Posesa, Namantha anaona kuti kuseri kwa sipika yake kwamatirira misomali itatu. Anachotsa maginito ozungulira amene amakhala kuseri kwa sipikayo, anawamanga ndi chingwe, nayamba kuwakoka pansi paliponse akamaliza kusesa. Tha! Tha! Tha! Timisomali tonse tinkadumphira pomwepo.

"A Mmisiri, taonani!" anatero Chiphokoso. "Asisi agula galu! Asisi, ameneyu munamubayitsa jakisoni wa chiwewe?"

Kuyambira tsiku limenelo maginito aja anakhala galu wa Namantha. Ngakhale Kanyerere, atayamba kulankhula, ankawaitana kuti "au-au". Anthu ankaseka. Koma phazi la mwana silinabayidwepo ngakhale kamodzi.

Patapita miyezi iwiri, a Mmisiri anamuitana. Anamupatsa kaburashi, kansanza ndi chilombo chija.

"Kuyambira lero uziipukuta ndiwe. Timabowo ta m'mbalimu ndi mphuno zake. Tikatsekeka ndi utuchi, imatentha n'kupsa. Pomwe pamatulukira utuchipa uzitokosa ndi kamtengo, osati chala. Utomoni womata pansipa uzichotsa. Koma choyamba n'chiyani?"

"Kuzula pulagi, bambo."

Anazula pulagiyo. Anaiyang'ana. Anayang'ana soketi. Kenako anakoka chingwe naika pulagiyo m'thumba la epuloni yake.

"Nanga m'thumbamo ikukatani?"

"Kuti ndizimva kuti ili ndi ine. Mwina wina angaibwezere ine ndisakuona."

Chiphokoso anaseka mpaka kukhala pansi. A Mmisiri sanaseke. Anatukula dzanja lawo lamanzere. Chala chamkombaphala chinali chachifupi, chopanda chikhadabo.

"Ichi sichinadyedwe ndi mantha," anatero. "Chinadyedwa tsiku lomwe ndinasiya kuopa."

Kupukuta kunabala kuzolowera. Puleni yozima siluma, ndipo Namantha anayamba kuidziwa ngati mmene mayi amadziwira thupi la mwana posambitsa. Anadziwa mabawuti ogwira mipeni. Anadziwa kagudumu kakutsogolo kamene ukakapotoza, puleni imadya mozama kapena mopepuka. Anadziwa kalamba kam'mbali ndi mmene kamaonekera kakayamba kutha.

Madzulo ena, anthu ataweruka, anapana kachidutswa ka thabwa pabenchi lachitatu. Pulagi ili m'thumba, anayamba kukankha puleni yozimayo pathabwapo, uku akulira ndi pakamwa: "Vwiiiiii!" Kanyerere anakhala pakathumba ka utuchi akuwomba m'manja, nayenso: "Vwiiii!"

"Magetsi a mtundu umenewu ndi otchipa."

A Mmisiri anali atabwerera kudzatenga chipewa chomwe anaiwala. Namantha analakalaka pansi patang'ambika. Koma mkuluyo anangoyandikira, nakonza magalasi.

"Phazi lamanzere patsogolo. Mpangowo manga bwino, pasalendewere kanthu. Mawa ubwere msanga, mwana umusiye kunyumba. Tiyatsa zenizeni."

Musaganize kuti zinayenda tsiku lomwelo. Atadina batani koyamba, anakuwa kuposa makinawo. Koma sanawataye. Anaima pomwepo, maso ali tong'o kuseri kwa magalasi otchinga, mpaka a Mmisiri anati, "Zimitsa. Lero zakwana. Wagwira chilombo chamoyo."

Thabwa lake loyamba linatuluka ndi zigwa kumapeto konse kuwiri. Chiphokoso analinyamula n'kumayenda nalo m'shedi monse.

"Ndani akufuna bwato? Bwato latsopano, lopangidwa ndi asisi!"

"Poyambira kanikiza kutsogolo," anatero a Mmisiri. "Pomalizira kanikiza kumbuyo. Ukasinthanitsa, mphuno imagwera pansi n'kukumba."

Lachiwiri linatuluka lothothokathothoka ngati nkhuku yonyowa.

"Mwana wako umamupesa bwanji? Umalimbana ndi tsitsi? Thabwa nalonso lili ndi komwe mizere yake yagonera. Tsata komweko."

Lachitatu, lachinayi, lachikhumi. Zidutswa zonse zotayidwa zinadutsa m'manja mwake. Ankalembalemba pathabwa ndi pensulo, kuti akadutsitsa puleni aone pomwe yadya ndi pomwe yasiya. Kagudumu kaja ankakaika pochepetsetsa. Pomwe Chiphokoso ankadutsa kawiri, iye ankadutsa kasanu ndi kamodzi.

"Asisi, mukupala kapena mukulisisita kuti ligone?"

Iye ankangomwetulira. Kunyumba manja ankawawa moti pofinya zovala za mwana ankaluma mano. Achemwali ake ankati, "Ntchito ya amuna imeneyo idzakuthyola msana." M'mawa ankadzuka n'kupitanso. Chaka chinatha chonchi, akadali wosesa, thabwa la kasitomala asanalikhudzepo.

Kenako ntchito inayamba kusowa m'shedimo. Masiku ena puleni inkagona tsiku lonse osalira.

Lolemba lina kunabwera galimoto yodzaza matabwa akale, akuda bii ndi dzuwa ndi mvula. Anachokera m'nyumba yosungiramo katundu yomwe inagwetsedwa, ndipo makolo a ana a pa sukulu ina ya mkaka anawapereka ku sukuluyo. Aphunzitsi aakulu a sukuluyo, mayi wamfupi wolankhula mwachindunji, anafuna matebulo asanu ndi limodzi pofika Loweruka.

"Ndi a ana a zaka zitatu," anatero. "Amenewa amagwira ndi manja, amagonekapo tsaya, ena amanyambita. Ndikapeza kamodzi kobaya, ndibweza onse. Akakhala bwino, matebulo ndi mipando ya makalasi onse mupanga ndinu."

Atachoka, a Mmisiri anamuitanira Namantha pambali.

"Mwana wanga, sindikubisa. Ntchito iyi ikatheka, benchi lachitatu lifuna mwini, ndipo ndiyenera kusaka kalipentala. Ikalephereka, ngakhale wosesa sindingathe kumusunga. Zikatero, Loweruka likhala tsiku lako lomaliza."

Namantha anangoti, "Ndamva, bambo." Anakatenga tsache.

Chiphokoso anazula misomali yonse yomwe inkaoneka, akuimba. Lachiwiri m'mawa anayatsa puleni. Thabwa loyamba linayera bwino. Lachiwiri chimodzimodzi. Pa lachitatu panamveka kuti khwee! ndipo pansi pa makinawo panathetheka moto.

Kuyambira pamenepo, paliponse pomwe puleni yadutsa pankatsala timizere titatu totukuka, kuchokera kumutu mpaka kumchira kwa thabwa. A Mmisiri anazula pulagi, natembenuza makinawo. Mipeni yonse iwiri inali itagweruka ngati mano a mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

"Msomali," anatero.

"Ndinazula yonse!" anatero Chiphokoso.

"Unazula ya mitu. Nanga yoduka? Yachita dzimbiri, yafanana ndi thabwa."

Mipeni ya puleni imeneyo imakhala yakuthwa mbali zonse ziwiri, ndipo mbali ina ikatha umangoitembenuza. A Mmisiri anaimbira foni kusitolo. Mipeni yatsopano inali itatha, ina idzafika pakatha masabata awiri. Ndiye kuti m'shedi monse munatsala mbali imodzi yokha yakuthwa, ndi mulu wa matabwa omwe palibe ankadziwa zomwe abisa m'mimba.

"Tipale ndi puleni ya manja," anatero Chiphokoso, mawu atatsika koyamba chibadwire.

"Ndi phewa langali? Ndipo nayonso msomali sumaisiya. Loweruka sitingafike." A Mmisiri anakhala pampando, foni ili m'manja. "Bola ndiwauze lero aphunzitsiwo, asake ena."

Namantha anali pakona ndi tsache. Ankadziwa kuti a Mmisiri akangoimba foni ija, iyenso zake zathera pomwepo. Anasiya tsache, nayandikira.

"Bambo... galu wanga angayese?"

Chiphokoso anafuna kuseka, koma a Mmisiri anamuletsa ndi dzanja.

Namantha anagoneka thabwa limodzi pabenchi. Analikwecha kaye ndi burashi ya waya kuti mchenga uchoke, poti mchenga nawonso umabunthitsa mpeni. Kenako anagwira chingwe, maginito akulendewera pafupi kwambiri ndi thabwa, osalikhudza. Anayamba kuyenda pang'onopang'ono ngati akuperekeza nkhalamba. Palibe. Palibe. Atafika pakati, maginito anagwedezeka, anapendekeka, kenako tha! anamata.

Pamalopo panalibe chilichonse chooneka. A Mmisiri anatenga tchizulo, nakumba pang'ono. Kachitsulo kofiira ndi dzimbiri kanasuzumira.

"Galu wanunkhiza!" anakuwa Chiphokoso. "A Mmisiri, galu wanunkhiza!"

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikudalira maso," anatero mkuluyo, akubweza foni m'thumba. "Pitiriza."

Lachiwiri lonse ndi Lachitatu anagwira ntchito imeneyo. Namantha ankayenda ndi galu pamwamba, pansi ndi m'mbali mwa thabwa lililonse. Pomwe wamata ankazunguliza ndi choko. Chiphokoso ankabwera pambuyo ndi tchizulo ndi pulayala, akutukwana msomali uliwonse ndi makolo ake omwe. Thabwa likatha, Namantha ankalibwerezanso kachiwiri, kenako n'kulemba chizindikiro cha choko kumutu kwake. Chitini cha penti chinadzaza theka ndi zitsulo zoduka.

Lachinayi m'mawa a Mmisiri anati, "Tembenuza mipeni."

Pulagi m'thumba. Anamasula mabawuti, anapukuta utomoni wonse pomwe pamakhala mipeni, anaitembenuza mosamala ataigwira ndi kansanza. Anagoneka rula pansi pa puleni kuona ngati mipeni yonse iwiri yatulukira mofanana, kumanja ndi kumanzere. Anamanga mabawuti mosinthanasinthana. Anawayesanso onse. Kenako anawayesanso.

Chiphokoso anatambasula dzanja kuti alandire makinawo.

"Ayi," anatero a Mmisiri. "Iwe umadya mozama ndipo umathamanga. Mpeni watsala umodzi, ndipo ndikuupereka kwa munthu amene amauopa."

Namantha anayang'ana kumbuyo kuti mwina akunena wina. Kunalibe wina.

Anamanga mpango. Anavala magalasi ndi kansalu kotchinga mphuno. Chingwe paphewa. Phazi lamanzere patsogolo. Anadina batani, nadikira mawu akhazikike. Manja ankadziwa njira. Kanikiza kutsogolo. Yenda. Kanikiza kumbuyo.

Pansi pa chikuda chija panatuluka thabwa loyera mofiirira, lonunkhira ngati langodulidwa dzulo. Anadikira puleni ikhale chete, anaitsamiritsa pakathabwa, nayendetsa chikhatho. Linali see, popanda mzere, popanda chigwa.

"Bwato lija lili kuti, achimwene?" anafunsa.

Anali mawu oyamba achipongwe omwe analankhulapo m'shedimo. Chiphokoso anagwira pamtima ngati wabayidwa.

Ntchito inayenda. Namantha akupala, awiriwo akudula ndi kulumikiza. Pakapita nthawi ankazimitsa, kuzula pulagi, kupukuta mphuno za makina ndi kuwasiya apume. Chiphokoso ankayang'ana dzuwa n'kumadandaula, koma matebulo ankaimirira limodzilimodzi.

Lachisanu masana kunatsala tebulo lomaliza, ndipo pamwamba pake pankasowa thabwa limodzi. Chiphokoso anathamangira kuseri, nabwera nalo, nalipana pabenchi.

"Lomaliza ili, asisi. Menyani tiweruke."

Namantha anatenga puleni. Chala chinafika pabatani. Kenako maso ake anapita kumutu kwa thabwalo.

Panalibe choko.

"Ili silinadutse kwa galu."

"Linadutsa, choko changofufutika. Ndi loyera ili, taonani nokha."

"Sindikulikumbuka."

"Asisi, matabwa onse aja mungawakumbuke nkhope? Guluu akufunika agone usiku wonse kuti agwire. Tikachedwa pano, mawa tilibe tebulo!"

A Mmisiri anali ndi botolo la guluu m'manja, atatopa, phewa likuwawa. Analiyang'ana thabwalo mbali zonse.

"Likuoneka bwino. Pala, mwana wanga. Nthawi yatha."

Apa ndiye panali povuta. Chibadwire Namantha anali asanakanepo mawu a munthu wamkulu. Uyu anali bambo amene anamutola pamchenga, amene mawa akanatha kumusunga kapena kumuuza kuti zikomo, pitani bwino. Koma m'maso mwake munabwera tsaya la mwana litagona patebulo, ndi mpeni womaliza uja.

Anaika puleni pansi. Anazula pulagi, naiika m'thumba.

"Pepani bambo. Mundikalipire, koma sindipala."

Anatenga galu wake. Anagwira chingwe, nayamba kumuyendetsa pathabwapo. Kumutu, palibe. Pakati, palibe. Chiphokoso anayamba kuimba mluzu. Anatembenuza thabwa. Palibe. Anatsala pang'ono kupepesa.

Kutatsala chikhatho chimodzi kuti afike kumapeto, tha!

Chomwe a Mmisiri anazula pamenepo sichinali kamsomali. Unali msomali wonenepa ngati pensulo, wodukira mkati, mutu wake utabisala pansi pa kakhungu ka thabwa kopyapyala ngati pepala. Anaugwira m'mwamba, nauyang'ana nthawi yaitali.

Chiphokoso anavula chipewa. Anagwada pansi pamaso pa maginito aja.

"Agalu, pepani. Ndinakunyozani. Mawa ndikubweretserani fupa."

A Mmisiri anaseka mpaka kuvula magalasi. Namantha nayenso anaseka, kuseka kosakanikirana ndi misozi, kenako anabwezera pulagi napala thabwa lomaliza lija mofatsa ngati loyamba.

Loweruka m'mawa aphunzitsi aakulu anafika. Sanapereke moni wautali. Anatulutsa mpango wopyapyala m'chikwama, nayamba kuukoka pamwamba pa tebulo lililonse, m'mphepete ndi m'makona momwe, kuti aone ngati ukole penapake. Namantha anaima pakona atagwira Kanyerere padzanja, poti tsikulo makina sankalira.

Tebulo loyamba, mpango unadutsa. Lachiwiri, lachitatu. Ali pa lachisanu, Kanyerere anapulumuka. Anathamanga, anakwera pa tebulo lomaliza lija, anagona chafufumimba n'kudzikankha ndi mapazi. Anatsetsereka kuchokera kumutu mpaka kumapeto, tsaya lili pathabwa.

"Vwiiiiii!"

Namantha anakuwa, inde anakuwa. Anamunyamula, anamuyang'ana tsaya, manja, mimba, mawondo. Panalibe ngakhale kokanda.

Aphunzitsi aakulu anapinda mpango wawo.

"Lomalizali layesedwa kale ndi mwini wake. Wapala ndani?"

A Mmisiri analoza ndi chala chawo chachifupi chija.

"Kalipentala wathu uyo."

Namantha anayang'ananso kumbuyo. Chiphokoso anali atayamba kale kutsitsa zitini za penti pa benchi lachitatu, akukuwa kuti msewu wonse umve: "Patukani, patukani! Abwana akufuna malo! Ndipo tsache ili ndi la ndani tsopano? A Mmisiri, musandiyang'ane ine!"

Madzulo ake Namantha anafika kunyumba utuchi uli m'tsitsi. Achemwali ake anali pakhomo akuchapa.

"Bwanji, akuchotsa?"

"Achemwali, paja munafunsa ngati alipo amene amalemba munthu ntchito ya kuopa?"

"Ee?"

"Ndamupeza."

Achemwaliwo anataya sopo m'beseni, namukumbatira ndi manja a thovu, onse awiri akulira ndi kuseka, Kanyerere ali pakati akukoka masiketi.

Lero ana a sukulu ija amadyera, kujambulira ndi kugonera pa matebulo opalidwa ndi manja aja omwe ankagwetsa cholembera. Kanyerere nayenso amaphunzira komweko, ndipo amauza aliyense kuti tebulo la pawindo ndi lake. Namantha anasamuka m'kachipinda kakuseri. Pafupi ndi benchi lake pali msomali wonenepa uja, wokhomedwa pakhoma, ndipo galu amalendewera pomwepo. Chitseko chikamenyeka ndi mphepo amadumphabe. Chiphokoso amasekabe. Koma thabwa lakale likalowa m'shedimo, palibe amene amayatsa puleni asanaone choko cha Namantha.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi chinthu chomwe anthu amakusekani nacho. Amati ndinu ochedwa, ndinu amantha, mumafunsa kwambiri, mumabwereza zomwe ena amaliza kale. Mwina mayeso anakukanani, mwina amene munamudalira anazimitsa foni. Namantha sanadikire kuti mantha athe. Anapita nawo kuntchito tsiku lililonse mpaka anapeza benchi lomwe linkafuna munthu wotero.

Lanunso lilipo, mwina launjikidwa zitini za penti pakona penapake. Musafooke, musataye mtima. Ngakhale manja akunjenjemera, mawa dzukani mupitenso.